Chemwali, usayimbe foni

Kuchoka kunyumba kwanga kuno ku Windsor, m'dziko la Canada, ndikangoyenda mphindi khumi ndafika m'mbali mwa mtsinje wa Detroit. Tsidya linalo ndi America. Nyumba zosanja za mzinda wa Detroit zimaoneka bwinobwino, moti usiku ukhoza kuwerenga mawindo amene mukuyaka magetsi. Anthu ambiri a kuno, makamaka manesi, amalawirira kukagwira ntchito tsidya limenelo n'kubwerako madzulo, ngati mmene wa ku Mchinji amapitira ku Chipata. Chisanu chikabwera chimatimenya tonse. Zakudya za m'masitolo ndi zomwezo, magalimoto ndi omwewo, ngakhale pa TV timaonera zimodzimodzi.

Koma mwana wobadwira ku Canada amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zingapo kuposa mnzake wobadwira ku United States. Mu 2023 kuno zinali zaka 81.7, kumeneko 78.4. Mu 2021, mliri wa Covid uli pakati, kusiyanako kunafika pafupifupi zaka zisanu. Chonsecho Amereka amawononga ndalama zambiri pa zaumoyo kuposa dziko lina lililonse, pa munthu mmodzi pafupifupi kawiri kuposa Canada.

Manambala amenewa ndinkawamva pa wailesi, n'kumangodutsa. Anadzandilowa mumtima tsiku lina m'bafa la achimwene anga ku Indiana.

Loweruka la 7 July

Amene munafikako ku South Bend, mzinda wa ku Indiana, mukudziwa kuti kuli Amalawi ambiri, moti m'sitolo ukhoza kungomva Chichewa kumbuyo kwako. Achimwene anga, achisamba m'banja mwathu, anakhazikika kumeneko ndi alamu anga ndi ana awo atatu. Chaka ndi chaka ndinkayendetsa galimoto maola anayi kukadya nawo chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu. Mu 2018 tsikulo linagwa Lachisanu, ndiye tinasonkhana mawa lake kuseri kwa nyumba yawo. Nyama inali pa makala, mapoto awiri a nsima, usipa umene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi, ana akuthamangitsana pa kapinga.

Ndinaona msanga kuti achimwene sali bwino. Lamba wawo anali ataboola chiboo china chatsopano. Ankagugudiza madzi botolo ndi botolo, kenako ulendo wa kuchimbudzi, kubwerako n'kutolanso botolo lina. Nditawafunsa anati ndi kutentha kwa July, komanso mashifiti a usiku awatopetsa.

Cha m'ma 5 koloko madzulo alamu anandikodola ndi dzanja kuti ndilowe m'nyumba. Ndinawapeza achimwene atakhala pansi m'bafa, atatsamira khoma, atasanza. Ankapuma mozama komanso mofulumira ngati munthu wothamanga mtunda wautali. Nditagwada pafupi ndinamva fungo la mpweya wawo, longa mankhwala aja ochotsera kyuteksi. Ine si nesi, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, koma fungo limeneli anatiphunzitsa. Achimwene ali ndi matenda a shuga, ndipo thupi likasowa insulin limayamba kudya mafuta ake omwe, magazi amadzadza asidi, ndipo munthu akhoza kukomoka osadzukanso.

Ndinatulutsa foni kuti ndiyimbe 911. Ndinali nditadina kale 9 ndi 1. Achimwene, amene ankalephera ngakhale kudzutsa mutu, anandigwira pamkono mwamphamvu moti foni inagwera pa matayilosi.

"Chemwali, usayimbe."

"Achimwene, mufatu inu."

"Ambulansi yokhayo ndi lendi ya mwezi wathunthu. Usayimbe. Ndipatseni madzi ndikagone, mawa ndidzuka bwino."

Ndinacheukira alamu kuti andithandize kuwadzudzula. Alamu anali ataima pakhomo, mutu atazyolika, milomo ikugwedezeka. Ndinkayesa akupemphera. Patapita masiku anandiuza okha kuti ankawerengetsa. Ambulansi zakuti, chipinda cha odwala mwadzidzidzi zakuti, akagonekedwa masiku awiri zakuti, ngongole ya galimoto, lendi ya August, ndalama ya feteleza imene analonjeza amayi kumudzi. Mwamuna wawo ali gone pansi, ndipo mayi amene amamukonda ndi mtima wonse akuchita masamu. Sindinawaweruze ndipo sindidzawaweruza. Masamu amenewo anawaphunzitsa ndi moyo wa kumeneko.

Tinagwirizana zapakati. Amuna awiri anawanyamula n'kuwagoneka kumpando wa kumbuyo kwa galimoto, alamu akuyendetsa, ine nditawagwira mutu kuti asatsamwe. Kuchipatala anatilandira mwachangu, ndipo pamenepa ndisaname. Lamulo la mu 1986 limakakamiza zipatala za ku America kuthandiza aliyense wofika ali mwakayakaya, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Pasanathe mphindi khumi anali atawaika madilipi. Madokotala anali odziwa ntchito, manesi aulemu, makina amakono kuposa amene ndinaonapo kwina kulikonse. Anakhala masiku atatu m'chipinda cha odwala kwambiri. Dokotala wina anandikokera pambali n'kundiuza kuti akanagona usiku umenewo kunyumba, bwenzi tikukamba zina.

Kenako mabilu anayamba kubwera, envelopu ndi envelopu. Ya chipatala payokha, ya dokotala payokha, ya kopima magazi payokha. Lamulo lija limati akuthandize, silinena kuti asakulipiritse.

Kuno ku Ontario ambulansi ikakunyamula pa vuto lenileni umalipira madola 45. Mwana wanga atathyoka mkono ndinangoonetsa khadi yobiriwira ya OHIP, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la Ontario, pawindo, basi. Sindinalandirepo envelopu ina iliyonse. N'chifukwa chake chala changa chinathamangira pa foni popanda kuganiza kawiri, ndipo dzanja la achimwene linathamangira kundiletsa. Tinabadwa mimba imodzi, tinakulira nyumba imodzi, koma pa mphindi imeneyo mayiko awiri anali atatiumba mosiyana.

Maola 29

Ali m'chipatalamo ndi pamene zonse zinaululika. Achimwene ankagwira ntchito ziwiri, masana kosungira katundu, usiku kusamalira anthu olumala. Mukaphatikiza ankagwira maola oyandikira 60 pa sabata. Koma ku America inshuwalansi ya zaumoyo kwa anthu ambiri imadzera kuntchito, ndipo lamulo la mu 2010, limene ambiri amalitcha Obamacare, limakakamiza makampani akuluakulu kupereka inshuwalansi kwa okhawo ogwira maola 30 kapena kuposerapo pa sabata. Ndiye uku ankawalembera maola 29, uko 28. Munthu wotopa ngati bulu, koma pa pepala paliponse ndi waganyu.

Thandizo la boma la anthu osauka, Medicaid, silinkawafika chifukwa malipiro awo ankapitirira pang'ono mlingo wake. Anagula inshuwalansi yawoyawo, yotsika mtengo kwambiri imene anaipeza. Inshuwalansi zoterezi zimakhala ndi chimene amachitcha deductible, kutanthauza ndalama imene uyenera kuyamba walipira wekha m'chakacho kampani isanayambe kukuthandiza. Yawo inali yoposa madola 6,000. Mwezi ndi mwezi ankadulidwa ndalama, koma akapita kukagula insulin ankalipira mtengo wonse kuchokera m'thumba. Masiku amenewo kabotolo kamodzi, kochepa ngati chala chachikulu, kankafika pafupifupi madola 300. Iwo ankafunika timabotolo tingapo pa mwezi.

Ndiye anayamba kukatambasula. Ankadumpha chakudya chamasana kuti adumphenso jakisoni. Usiku ankadzibaya theka. Kabotolo kakatha ankakatembenuza chadodolido kuti akoke kadontho komaliza. Anachita zimenezi miyezi isanu ndi umodzi osauza munthu, ngakhale alamu ankangodziwa pang'ono. Ndipo mwezi uliwonse ndalama kumudzi inkapita, osaphonya. Ndani wa ife kunja kuno amene angayimbe foni kumudzi n'kunena kuti mwezi uno sinditumiza, ndikugula mankhwala? Kumudzi amangodziwa kuti uli ku America.

Nditabwerera ku Windsor ndinayamba kuwerenga ngati wamisala, ndipo ndinapeza kuti achimwene sanali okha. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Yale anapeza kuti pa odwala shuga anayi alionse a pa kiliniki yawo, mmodzi ankachepetsa insulin chifukwa cha mtengo. Ndinawerenganso za Alec Smith, mnyamata wa ku Minneapolis amene ankayang'anira malo odyera. Lamulo limalola mwana kukhala pa inshuwalansi ya makolo mpaka zaka 26. Iye atakwanitsa zaka zimenezo mu 2017 anachotsedwa pa ya mayi ake, ndipo mwezi usanathe anamupeza atamwalira m'nyumba mwake ndi vuto lomwelo limene ndinalinunkhiza m'bafa muja. Ankadikira tsiku lolandira malipiro. Mayi ake anamenya nkhondo mpaka boma la Minnesota linakhazikitsa lamulo la dzina lake mu 2020.

Madola 30

Mu September achimwene ndi alamu anawoloka mtsinje kudzera mu msewu wapansi pa madzi uja, atanyamula kabokosi kozizira kamene timaikamo zakumwa pa pikiniki. Ndinawatengera ku famase ya pafupi ndi kwathu. Kuno insulin sifuna ngakhale kalata ya dokotala, umangomufunsa wogulitsa mankhwala. Mayiyo anatulutsa kabokosi mu firiji n'kutchula mtengo. Achimwene anamupempha kuti abwereze. Anatenga kabokosiko n'kukatembenuza mbali zonse, kuwerenga dzina, kuwerenga kampani yopanga. Kanali komwe kaja, pa mtengo wochepa pafupifupi kakhumi.

Sanayankhule kanthu mpaka tinalowa m'galimoto. Anakhala kumbuyo atakumbatira kabokosi kozizira kaja pamiyendo ngati khanda. Tili pa maloboti ndinawamva akunena chapansipansi, osati kwa ine kapena kwa alamu, "Ndiye kuti ndikanafera madola 30?"

Palibe matsenga pa mtengo umenewu. Kuyambira mu 1987 Canada ili ndi bungwe la boma, Patented Medicine Prices Review Board, loonetsetsa kuti mitengo ya mankhwala atsopano isapyole muyeso, ndipo zigawo za dziko lino zimanenerera mitengo pamodzi ngati wogula mmodzi wamkulu. Ku America kunalibe zoterezo. Lamulo la mu 2003 linachita kuletsa Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, kunenerera mitengo ya mankhwala, ndipo chiletsocho chinayamba kumasuka mu 2022.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mbiri ya mankhwalawo. Kuchoka kuno maola awiri pa galimoto uli ku London, Ontario, kumene kuli nyumba imene dokotala Frederick Banting anadzuka usiku wina mu October 1920 n'kulemba ganizo limene linabala insulin. Anakaiyesa ku Toronto mu 1921 limodzi ndi Charles Best, ndipo mu January 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa. Kale matenda amenewa mwa mwana anali chiweruzo cha imfa. Mu 1923 Banting, Best ndi James Collip anagulitsa umwini wa mankhwalawo ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, kuti pasapezeke munthu wolemera ndi moyo wa anzake. Patatha zaka 95, mlongo wanga ankatembenuza kabotolo kufuna kadontho.

Mu July 2019 Bernie Sanders, wandale wotchuka wa ku America, anabwera ndi basi ya odwala shuga kuchokera ku Detroit kudzagula insulin kuno ku Windsor, atolankhani ali piringupiringu. Anzanga kuntchito ankadabwa. Ine sindinadabwe, panthawiyo ulendo umenewo banja lathu linali litauyenda kale kanayi.

Mwendo wa mwana wa ku Winnipeg

Anthu ena amaganiza kuti Akanada anangobadwa achifundo. Ayi ndithu. Zimenezi anachita kulimbirana, ndipo panatsala pang'ono kuti zikanike.

Tommy Douglas ali mwana ku Winnipeg anadwala matenda a fupa la mwendo, ndipo madokotala anati audule. Makolo ake analibe ndalama ya katswiri. Mwamwayi dokotala wina wa mafupa anavomera kumuchita opaleshoni kwaulere, bola ophunzira ake aonerere. Mwendo unapulumuka, koma mwanayo anakula ndi funso lakuti, nanga amene sanakumane ndi mwayi woterewu? Anadzakhala m'busa wa mpingo wa Baptist, kenako mu 1944 nduna yaikulu ya chigawo cha Saskatchewan. Mu 1947 chigawocho chinayamba kulipirira aliyense wogonekedwa m'chipatala. Mu 1962 chitawonjezera kulipiranso madokotala, madokotalawo ananyanyala ntchito masiku 23, mpaka boma linachita kuitanitsa ena kuchokera ku Britain. Boma silinagonje. Mu 1966 dziko lonse linatengera njira yomweyo, ndipo lamulo la mu 1984, Canada Health Act, linatseka khomo lolipiritsa odwala ndalama zapadera pa thandizo lofunikira.

Tsidya linalo pulezidenti Harry Truman anayesa zofananazo mu 1945, koma bungwe la madokotala ndi andale analimbana naye mpaka zinafera m'mazira. Chimene chinatheka ndi cha mu 1965, nthawi ya Lyndon Johnson: Medicare ya azaka 65 kupita m'tsogolo ndi Medicaid ya osauka. Onse apakati anasiyidwa m'manja mwa mabwana awo. Mpaka mu 2023 anthu pafupifupi 26 miliyoni analibe inshuwalansi ina iliyonse, osawerengera ena miyandamiyanda onga achimwene, amene khadi ali nayo m'chikwama koma akuopa kuigwiritsa ntchito.

Pali kafukufuku wina wa mu 2017 amene sindimuiwala. Anayerekeza odwala cystic fibrosis, matenda obadwa nawo a m'mapapo, m'mayiko awiriwa. A ku Canada ankakhala ndi moyo zaka pafupifupi 10 kuposa a ku America. Koma atapatula Amereka amene anali ndi inshuwalansi yabwino ya kampani, kusiyanako kunazimiririka. Amene ankafa msanga anali a pa inshuwalansi ya osauka, ndipo koposa onse amene analibiretu. Matenda amodzi, mankhwala odziwika amodzi, madokotala ophunzira mofanana.

Amene amafa asanakalambe

Ndikanama nditanena kuti nkhani yonse ndi ya chipatala. Poyamba ndinkaganiza choncho, chifukwa ndi chimene ndinachiona ndi maso. Koma nambala ija ya zaka imatsika kwambiri akamafa achinyamata, chifukwa mnyamata wa zaka 25 akamwalira amapita ndi zaka 50 zimene akanakhala. Mmereka amene wafika zaka 65, n'kulowa pa Medicare, satalikirana kwenikweni ndi mnzake wa ku Canada. Phompho lili pakati pa moyo, pa msinkhu wobereka ndi kulera.

Ndipo pamenepo pali zinthu zimene dokotala sangazichize. Kuyambira 2021 mpaka 2023, chaka chilichonse Amereka oposa 100,000 ankafa ndi mankhwala ozunguza bongo, makamaka fentanyl. Ambiri anayamba ndi mapiritsi opha ululu olembedwa ndi dokotala atavulala kuntchito. Mfuti zinapha anthu oposa 48,000 mu 2021, oposa theka anadziwombera okha, ndipo kuyambira 2020 mfuti ndiyo ikupha ana ndi achinyamata ambiri kuposa china chilichonse kumeneko. Pa msewu amafa anthu pafupifupi 40,000 pa chaka, pomwe kuno ndi cha m'ma 2,000. N'zoona kuti iwo ndi ochuluka kasanu ndi katatu kuposa ife, komabe mukagawa bwino ngozi zawo zimaposa zathu kawiri.

Zina sizilembedwa pa chikalata cha imfa. Nditabereka mwana wanga wachiwiri ndinakhala pakhomo chaka chathunthu ndikulandira gawo la malipiro anga kuchokera ku thumba la boma. Alamu atabereka mzime wawo anabwerera kuntchito patangotha masabata atatu, bala la opaleshoni lisanapole, chifukwa lamulo lawo la mu 1993 limangopereka masabata 12 opanda malipiro, ndipo si onse amene limawakhudza. Ankaimirira maola asanu ndi atatu atamanga chitenje pamimba mkati mwa yunifolomu. Azimayi akuda ku America amafa pa uchembere pafupifupi katatu kuposa azungu, ndipo ndikamva zimenezo ndimaona chitenje chimene chija.

Kudera kumene achimwene amakhala, malo ogulitsa zokazinga ali pa ngodya iliyonse, koma kuti upeze masamba abwino uyenera kuliza galimoto. Munthu wochoka shifiti ina kuthamangira ina amadya chimene chili pafupi, ali pa chiwongolero. Akuluakulu anayi pa khumi alionse kumeneko ndi onenepa mopyola muyeso, kuno ndi pafupifupi atatu. Anthu amafulumira kunena kuti ndi kusadziletsa. Ine ndinaona ndandanda ya ntchito ya achimwene itamatidwa pa firiji, ndipo sindinapezepo ola limene munthu akanaphika nyemba.

Ofufuza motsogozedwa ndi Raj Chetty anapeza mu 2016 kuti amuna olemera kwambiri ku America amakhala zaka pafupifupi 15 kuposa osaukitsitsa. M'maganizo mwanga nkhani yagona pamenepa. Wolemera wa ku America alibe chimene angasirire kwa Mkanada, mwinanso amathandizidwa msanga kuposa ife. Kusiyana kuli pa amene waterereka. Ntchito ikatha, msana ukavulala, banja likasokonekera, kuno umagwa ndithu koma pali pogwera. Kumeneko ntchito ikapita imapita ndi dokotala wako yemwe, pa nthawi imene ukumufuna kwambiri.

Kunonso kuli zake

Wina asawerenge izi n'kuyamba kulongedza zikwama poganiza kuti kuno ndi ku paradaiso. Ndakhalapo maola asanu ndi anayi pa benchi ya chipatala usiku ndi mwana wotentha thupi. Mnzanga wina anadikira kupitirira chaka kuti amuchite opaleshoni ya bondo, akutsimphina kuntchito tsiku ndi tsiku. Akanada pafupifupi 6 miliyoni alibe dokotala wawo wa banja. Khadi yobiriwira ija siilipira mankhwala a ku famase kwa aliyense, moti kunonso alipo odumpha mapiritsi, ndipo lamulo loyamba kukonza zimenezi langobwera mu 2024. Fentanyl ikupululanso anthu kuno, pitani ku Vancouver mukaone.

Mu 2020 ndinali m'kati mwa nyumba yosamalira okalamba pamene Covid inalowa. Pa funde loyamba, anthu asanu ndi atatu pa khumi alionse amene anafa ndi matendawa ku Canada anali a m'nyumba zoterezi, mpaka boma linatumiza asilikali kukathandiza ku Ontario ndi ku Quebec. Ndinagwira manja a agogo amene ana awo ankangowaonera pawindo. Za chaka chimenecho ndidzalemba tsiku lina, panopa sindinakonzeke.

Ndipo nambala ija ya 81.7 imabisa eni nthaka. Anthu a mitundu ya First Nations ndi Inuit amafa msanga ndi zaka zambiri kuposa Akanada ena. Ku Nunavut, kumpoto kwa Canada, chifuwa chachikulu cha TB chikadali vuto lalikulu, m'dziko lolemera chonchi, chifukwa cha nyumba zothithikana ndi zipatala zakutali. Kumene Canada inasiya anthu ake kunja kwa mpanda, zotsatira zake n'zofanana ndi za tsidya lija.

Ife Amalawi izi sitiyenera kuchita kuuzidwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Mmalawi sankayembekezeka kufika ngakhale zaka 50. Tinkaika maliro Loweruka lililonse, a msinkhu womwewu wobereka ndi kulera. Ma ARV analipo kale padziko, ngakhale m'dziko mwathu ankapezeka kwa amene anali ndi ndalama. Chimene chinasintha mu 2004 n'chakuti anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma, ndipo lero tikukamba zaka zoposa 60. Azakhali anga ali moyo mpaka pano chifukwa tsiku lina anapita kuchipatala popanda kuyamba awerenga za m'thumba.

Gulu lathu la pa WhatsApp linasonkha ndalama zothandiza pa mabilu a achimwene, ndipo ndimathokoza aliyense amene anaponyapo kangachepe. Mutu umodzi susenza denga. Koma ndinaona kuti uthenga wa matenda umayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi wa maliro, ndipo odwala ambiri salemba n'komwe chifukwa cha manyazi. Msonkho umene amandidula pa malipiro kuno ndi wowawa, sindibisa. Ndimautenga ngati chopereka cha pa gulu chomwecho, kungoti chimafika munthu asanapemphe, ndipo palibe amene amaona dzina lake.

Foni ya sabata yatha

Zinthu zinasinthako. Kuyambira 2023 okalamba a pa Medicare salipira kuposa madola 35 pa mwezi pa insulin, ndipo makampani akuluakulu opanga mankhwalawa anatsitsa mitengo ya mitundu ingapo. Achimwene sabweranso ndi kabokosi kozizira. Anapeza ntchito ya maola okwanira yokhala ndi inshuwalansi. Saikonda, imawapweteka msana, koma sangaisiye. Ngongole ya masiku atatu aja anamaliza kubweza patatha zaka zinayi.

Miyezi isanu ndi umodzi ija inasiya zipsera zake. Mapazi awo sakumvanso bwino, ndipo diso lamanzere linayamba kuchita chifunga. Ali ndi zaka 54.

Sabata yatha alamu anandiyimbira usiku, achimwene atagona. Anati pansi pa phazi lawo pali kachilonda kamene katha masabata awiri kosapola. Ndinawauza kuti awadzutse. Achimwene anabwera pa foni ndi mawu a tulo, n'kuyamba kundifotokozera kuti chaka chino deductible sanaifikebe, ndiye akuganiza zoyamba asambitsa ndi madzi amchere aone mmene kachitire.

Ndinamva kutentha pamkono pomwe anandigwira paja. Sindinakuwe. Ndinawauza kuti achimwene, ndalama ya dokotalayo nditumiza ine usiku womwe uno, ndipo mukapanda kupita ndiyimbira amayi kumudzi ndiwauze zonse, kuyambira za m'bafa zija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti chabwino chemwali, wapambana.

Adzapita Lachiwiri m'mawa. Alamu apempha kuchoka kuntchito theka la tsiku kuti akawaperekeze, ndipo andilonjeza kuti akatuluka kwa dokotala andiyimbira asanalize galimoto.